Trell Anaperewera Inchi ndi Theka

Mwezi wonse wa Disembala tinkamukoka mlongo wanga Trell ngati mphira wa legeni. Ankagona chagada pa kapeti ya pabalaza, amayi n'kumugwira m'khwapa, ine m'akakolo, aliyense n'kumakokera kwake mpaka msana utalira. Akadzuka pamenepo ankapita kukalendewera pa chitsulo cha m'galaja mpaka manja kuchita dzanzi. Kumeta analeka, tsitsi linangoima pamutu lokhalokha. Ine ndinkaseka, komabe ndinkakoka ndi mphamvu zanga zonse, chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayo akapanda kusankhidwa ndi timu ya mu ligi yaikulu, chomudikira ndi fakitale ya nkhuku kumene malemu bambo athu anasiya zala ziwiri.

Trell anali wotchinga. Pa mpira wathu uno wa zisoti ndi kugundana, wotchinga amathamanga phewa ndi phewa ndi wowakha wa timu inayo kuti mpira ukaponyedwa usagwere m'manja mwake, ndipo ukagwera amugwetse pomwepo. Ntchito imeneyi mwanayo anachita kubadwa nayo. Liwiro anali nalo, maso anali nawo, mantha analibe. Koma anthu osaka osewera, awa amene matimu amawatuma m'makoleji, ali ndi mzere wawo. Wotchinga wosafika mafiti asanu ndi mainchesi khumi, ambiri a iwo samuyang'ana kawiri. Amati owakha a masiku ano ndi zimphona, mpira ukaponyedwa m'mwamba wamfupi amangoonerera ngati ife a m'mipando. Koleji yake inkalengeza kuti Trell amapitirira mzerewo ndi inchi yathunthu. Makoleji amawonjezera choncho, aliyense amadziwa, n'chifukwa chake osaka osewera amabwera ndi tepi yoyezera yawoyawo.

M'nyumba mwathu ku Yazoo City, ku Mississippi, munalinso chimphona chathu, Ladarian, mwana wa amayi aang'ono. Anabwera kwathu ali wamng'ono, mayi ake atamwalira, ndipo anakulira m'chipinda chimodzi ndi Trell, kudya limodzi, kukwapulidwa ndi lamba mmodzi. Iye anali wowakha, wamtali moti polowa m'khitchini ankachita kuwerama. Ndimamukonda Ladarian, koma ndinene zoona: anali waulesi, ndipo ankataya mipira ina imene ngakhale ine, mayi woyendetsa basi ya ana asukulu, ndikanawakha. Osaka osewera zimenezo sizinkawadetsa nkhawa. Ankati kuwakha tidzamuphunzitsa, koma msinkhu suphunzitsidwa.

Mu Januwale onse awiri anaitanidwa ku Texas, ku sabata ija imene osewera omaliza koleji amasonkhanitsidwa kuti matimu awaone asanawasankhe mu Epulo. Ine ndi amayi tinayenda pa galimoto tsiku lathunthu kuwatsatira. Lolemba m'mawa kunali kuyeza. Trell anagona pansi, osati pabedi, ndipo kutacha anakana kukhala pampando, poti munthu akangodzuka amakhala wamtaliko pang'ono msana usanatsendereke ndi kuyenda. Kadzutsa anadya atagona chammbali.

Amawayeza mu holo ya hotela, pa nsanja, mmodzimmodzi, atavala kabudula yekha, osaka osewera mazanamazana atakhala m'mipando kumayang'ana. Abale satilola kulowa, koma chitseko chinali chotsegula, ndiye tinasuzumira tili pakhonde. Amayi atangoona anyamata ali pamzere opanda malaya, anakumbatira chikwama chawo pachifuwa.

"Verlisha," anatero, "agogo a agogo ako anaimikidwa chonchi pamsika wa akapolo ku Natchez."

"Amayi, awa abwera okha."

"Eya. Ndiye zasintha, eti?"

Ladarian anakwera akuyasamula. Woyeza, mdala wina wa magalasi amene ankaitana anyamata ndi mayina a makolo awo, anafuula kuti, "Stovall! Mafiti sikisi, mainchesi folo!" Mu holo anthu anagwedeza mitu mokhutira. Itafika nthawi ya Trell, anaima atawongoka, khosi atalisolola. Mdala uja sanayang'ane n'kumwamba komwe, anayang'ana pansi.

"Zidendene pansi, mwana wanga. Zikhudze khoma."

Trell anatsitsa zidendene. Mdalayo anatenga kathabwa, n'kukaika pa tsitsi lija, n'kupanikiza mpaka kanakhudza fupa la mutu.

"Mabry! Mafiti faifi, mainchesi eyiti ndi theka!"

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Anangotembenukirana n'kuyamba kucheza zina, ena kuyang'ana mafoni, mwana wathu akadali pa nsanja osavala. Zinandiwawa, ndipo ndinalakalaka nditalowa n'kumulanda mdala uja kathabwako n'kumuswa nako magalasi. Inchi ndi theka! Sikufika n'chala changa chaching'ono chomwe. Trell atatuluka sanatilonjere. Anangondifunsa ngati ndabwera ndi makina ometera, ndipo ndinamumeta mpala m'bafa ya hotela, iye maso ali pa tsitsi limene linkagwera m'sinki.

Masana ake anayamba kuyeserera pabwalo. Anyamata athu anaikidwa timu imodzi, kutanthauza kuti tsiku lililonse azilimbana okhaokha, wowakha ndi wotchinga. Sabata imeneyi ili ndi lamulo lake limene aliyense amalidziwa: gundanani, kankhanani, koma wina asagwetse mnzake pansi, ndipo mawondo a munthu musawayandikire. Anyamatawa ndi katundu amene sanagulidwe, palibe afuna aphwanyike akadali pashelefu. Ngakhale pa masewero enieni, owakha ataliatali amachita kupempha otchinga kuti undigunde pamwamba aise, mutu upola pofika Lachiwiri, bondo ndi chaka chathunthu. Koma oyimbira amalanga wogunda kumutu, ndipo munthu wa msinkhu wa Trell akagunda chimphona pachifuwa amangobwerera chagada. Ndiye iye anaphunzira kalekale kulowa m'munsi n'kuzula munthu ndi miyendo yomwe. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya Trell inali imeneyo, ndipo sabata imeneyi anamuletsa kuiimba.

Woponya mpira anazindikira msanga. Trell akaima ndi Ladarian, ankangouponya m'mwamba. Trell anali pomwepo, atamumatirira, osasiya mpata, koma Ladarian ankangotambasula mikono n'kuutenga pamwamba pa chisoti chake ngati akutsitsa chitini pa kabati. Bambo wina wa ku Georgia amene anakhala kumbuyo kwathu anayamba kuweruza.

"Kamnyamatako n'kabwino, koma kakasake ntchito yokwera mahatchi a mpikisano. Kumeneko afupi amawafuna."

"Wanu ndi uti?" ndinamufunsa.

Analoza mnyamata wina wonenepa.

"Uja akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu? Samalani wanuyo, wathuyu mutisiyire."

Ndili mkati mokangana naye, Ladarian anawakhanso kachitatu. Anatembenuka, n'kuwerama, n'kutambasula chikhatho pafupi ndi udzu, muja amachitira munthu posonyeza msinkhu wa mwana wongoyamba kuyenda. Nthawi imeneyi osaka osewera m'mbali mwa bwalo anaseka.

"Mawa ubwere ndi makwerero, kamfana!" Ladarian anafuula.

"Iwe Ladarian!" ndinakuwa. Mawu ndili nawo, basi yodzaza ana imandimva. "Ndi m'bale wako ameneyo, galu iwe!"

Anangondikupizira dzanja akuseka.

Lachiwiri Trell sanadikire mpira. Wenzulo itangolira anamulowetsa Ladarian manja onse awiri pakhosi, pansi penipeni pa chisoti, mpaka chimphonacho chinatsamwa n'kugwada. Podzuka chinadzuka ndi chibakera. Chinamupeza Trell pansi pa zitsulo za kumaso, mlomo n'kung'ambika. Trell anamulumphira, anagubuduzana pa udzu akutukwanizana mawu amene amayi sanawaphunzitse. Ataimirira, Ladarian anamugwira Trell pa zitsulo za chisoti n'kuwongola mkono. Trell ankaponya zibakera m'malere osamufika, magazi akutsikira pa jezi. Anamugwira choncho mpaka makochi anafika, ndipo mafoni onse m'mipando anali m'mwamba kujambula.

Dzuwa litapendeka amayi anawatengera onse awiri kumalo odyera nthiti zowotcha, n'kuwakhazika moyang'anana.

"Ndinakulererani m'chipinda chimodzi kuti muzidzaphana pamaso pa azungu?"

"Ndi ntchito chabe, amayi," Ladarian anatero, khosi lili ndi mikwingwirima. "Onsewa akuti ndine waulesi, wofewa. Ndikamumvera chisoni Trell anena kuti taonani, tinanena ife. Inenso ndikufuna kusankhidwa."

"Nanga dzanja lija pa udzu, inalinso ntchito?" ndinafunsa.

"Aa, achemwali, aliyense amachita zija."

"Aliyense amachitira mwana wa m'nyumba mwake?"

Anakweza mapewa n'kutenga nthiti ina. Trell anakankhira mbale yake pambali. Ndi mlomo wosokedwa sakanatha kudya, ankangoyamwa tiyi wozizira ndi kapaipi.

Potuluka tinapeza mzungu wina wonenepa atatsamira galimoto, akulavula makoko a mpendadzuwa. Anati dzina lake ndi Hargett, amasakira osewera timu ina ya kumpoto. Anamuitanira Trell pambali, koma ine si munthu woima patali.

"Masewero ako onse ndaonera, Mabry," anatero. "Ukanakhala ndi mainchesi ena awiri bwenzi tikukulimbirana. Abwana anga akangomva eyiti ndi theka safunanso kumva zina. Ndiye ndithandize. Ndipatse chinthu choti ndikawaonetse. Ndione kuti munthu wamtali umatha kumutsitsa."

"Akutiletsa kugwetsa, bwana."

Hargett analavula khoko. "Ine sindinanene kuti uphwanye lamulo. Ndangokuuza zimene abwana amafuna kuona."

Atachoka ndinamugwira Trell mkono. "Usamumvere ameneyo. Iye mawa akwera ndege, iwe ubwerera nafe kunyumba."

"Inu mukanatani, achemwali?" anandifunsa, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Kumumatirira ndamumatirira. Kulumpha ndalumpha. Ndiuzeni china chimene chatsala, ndichita chimenecho."

Ndinamusiya mkono.

Lachitatu linali tsiku lomaliza logundana, ndipo osaka osewera ambiri amanyamuka Lachinayi, masewero a Loweruka sawadikira. Chakumapeto anasewera timu yonse. Ladarian anathamanga molunjika, kenako n'kukhotera pakati pa bwalo. Trell anali ataima chakumbuyo, ndiye anabwera akumuona kutsogolo, ndi liwiro lake lonse. Mpira unali wam'mwamba ngati masiku onse. Ladarian analumpha, mikono kumwamba, thupi lonse lili poyera. Ndinamuona Trell akuyang'ana mpira, ndipo ndinaonanso pamene anasiya kuuyang'ana. Phazi lamanzere la Ladarian litangoponda udzu, Trell anatsitsa phewa n'kulowa.

Kunamveka kuti thyo, mpaka kwa ife m'mipando. Bondo linapindikira kumene bondo silipindikira. Ladarian anazungulira m'malere n'kugwa ndi phewa, mpira ukudumphira uko. Kenako anayamba kukuwa. Munthu wamkulu, wandevu zake, kukuwa kuti "Amayi! Amayi!" akukumba udzu ndi zala, mwendo utagona mbali yolakwika.

Anyamata akuluakulu a kutsogolo, aja amalemera ngati ng'ombe, anamugwera Trell. Mmodzi anamuzula chisoti n'kuchiponya kutali, wina anamukhoma chibakera pakhutu, ndipo atagwa ena anayamba kumupondaponda m'nthiti ndi nsapato za mpira. Otchinga anzake, amene pa ndewu iliyonse amathamangira kudzathandiza wawo, anangoima manja ali m'chiuno. Trell sanadziteteze ngakhale pang'ono. Makochi atawachotsa anyamatawo, anadzuka, n'kulavulira dzino m'dzanja, n'kumaliyang'ana. Amayi, amene amadandaula nyamakazi pokwera masitepe a kutchalitchi, anali atadumpha kale mpanda. Ine ndinafika pakati pa bwalo n'kuima, osadziwa kuti ndithamangire uti.

Kochi wamkulu anamulozera Trell kuchipata. "Choka pabwalo langa. Kalongedze, ndisakuonenso." Pamene machira ankadutsa ndinamuona Hargett ataweramira foni ya mnzake, akubwerezabwereza kanema ndi chala, makoko akugwera pa nsapato.

Kuchipatala dokotala anati mitsempha itatu ya m'bondo yaduka, pafunika opaleshoni, ndipo mpira aiwale kwa chaka. Trell anafika pakhonde nkhope yonse itatupa. Amayi anaimirira n'kumuomba mbama pa tsaya lotupalo, kenako pa linalo.

"Sindinaone kuti ndi iye, amayi."

Anamuombanso ina. "Usandinamize! Mwana wa malemu mng'ono wanga! Ndinamulonjeza mayi wake ali gone pa bedi ngati ilo."

"Nanga ine anandisiya ndi chiyani? Dziko lonse laona atandigwira ngati kamwana!"

"Ndiye wapeza chiyani?"

Ine ndinamukwiyira kwambiri, komabe ndinapita kukamupemphera ayezi kwa anamwino. Ndi mlongo wanga, matewera ndinamusintha ndine.

Tinabwerera ku Mississippi Ladarian atagona pampando wakumbuyo, mwendo uli m'zitsulo, akubuula pa bampu iliyonse. Trell anabwera pa basi yekha. Ladarian anatenga chipinda chija, Trell anasamukira kwanga, ndipo anapitiriza kukonzekera ngati wamisala. Mu Malichi, tsiku limene osaka osewera anabwera ku koleji yake, anathamanga liwiro limene linawadzidzimutsa, n'kulumpha kuposa aliyense. Anamuyezanso. Sanakule. Kanema wa bondo uja anali atafika paliponse, ndipo anthu anagawikana. Ena ankati mwanayo ndi chilombo, ena ankati chilombo n'chimene timu imafuna. Kumalo ometera amuna ankamuwombera m'manja, kutchalitchi azimayi ankasuntha pa benchi akakhala pafupi. Hargett anamuimbira n'kumuuza kuti asazimitse foni tsiku lomaliza la masankho, ndipo Trell anagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, Trell anatenga mbale ya mpunga wa nyemba zofiira n'kupita nayo kuchipinda kwa Ladarian. Ndinamva mbale ikusweka. Nditalowa ndinapeza Ladarian atakhala m'mphepete mwa bedi, akumukwapula Trell ndi ndodo yake yoyendera, yachitsulo, m'mapewa, m'mikono, pamphumi. Trell anangoima manja ali pansi, magazi akulowa m'diso.

"Bwezera!" Ladarian ankakuwa, misozi ili mbwee. "Bwezera, kagalu iwe! Bondo linalo ili, bwera ulithyolenso!"

Ndinamulanda ndodoyo itapindika kale. Amayi anasesa mpunga, ndipo atamaliza anati chibale ndi fupa, sichiola.

Masankho amatenga masiku atatu, matimu kusankha mosinthanasinthana, ndipo anthu ngati Trell amadikira tsiku lachitatu, Loweruka masana. Amayi anakazinga milamba, anaphika chikondamoyo, ndipo oyandikana nawo ndi a kutchalitchi anadzaza pabalaza, aja osuntha pa benchi omwe. Onse anabwera chifukwa cha Trell. Za Ladarian palibe ankayembekeza kanthu. Ndani angasankhe munthu wa mwendo umodzi? Anakhala pakona, mwendo uli pa kampando, akudya osayang'ana n'kanema yemwe.

Trell anakhala kutsogolo, foni ili pantchafu. Mayina ankadutsa pa kanema. Otchinga ankasankhidwa mmodzimmodzi, ena oti Trell angawapose ali m'tulo, ndipo pansi pa dzina lililonse ankaonetsa msinkhu: mafiti sikisi, sikisi ndi inchi imodzi, sikisi. Wina ndinkamudziwa bwino, Trell anamuthandizapo kuvala chisoti molondola, koma naye anasankhidwa. Abusa anasiya nthabwala. Mafuta a milamba anayamba kuuma m'mbale, ndipo ana anawauza kuti akasewere panja koma anakana.

Mayina atatsala ochepa, foni inalira. Tonse tinalumpha. Trell ananyamula yake, koma yake inali chete. Inkalira pakona.

Ladarian anayang'ana nambala, n'kupukuta zala pa malaya. "Ika poti tonse timve!" wina anafuula, ndipo anaikadi.

"Stovall? Ndine Hargett. Bondo likuti bwanji?"

"Likupola, bwana."

"Madokotala athu aona zithunzi zake, akuti lipola ndithu. Chaka chino uzingochira, tikudikira. Anthu a sikisi ndi folo samera paliponse. Yang'ana pa kanema, dzina lako likutuluka pompano."

Linatulukadi. Nyumba inagwedezeka. Amayi anagwada pa kapeti akulira, abusa akufuula aleluya, ana akudumpha pa sofa. Ladarian anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinakondwa, Mulungu ndi mboni, koma maso anga anali pa Trell. Anali ataimirira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, foni ataipana m'khwapa.

Hargett anali akadali pa foni. "Stovall, ukundimva? Tawauza anthuwo achepetse phokoso."

Tinakhala chete.

"Masankho akatha timaitana ena ochepa amene sanasankhidwe kuti adzayesedwe ku kampu. Kwatsala malo amodzi a wotchinga, ndipo ine ndatchula m'bale wako uja, Mabry. Abwana akukayika. Akuti tifunse iwe, poti ndiwe wathu tsopano, ndiponso wakhala ukulimbana naye moyo wako wonse. Ukati tibwere naye, tibwera naye. Ukuti bwanji?"

Kaya Hargett ankadziwa kuti Trell ali pomwepo, kaya ayi, mpaka lero sindidziwa. Amayi, akadali chogwada, anatembenukira kwa Ladarian atagwirizanitsa manja. Aliyense anaona chimene ankapempha. Ladarian sanawayang'ane. Anapukuta misozi, n'kuyang'ana Trell kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osafulumira.

"Za bondo ndilibe naye chifukwa, bwana," anatero mofatsa. "Ndi mpira. Ndipo liwiro ali nalo, mtima ali nawo, palibe angakane."

"Ndiye?"

"Koma mwandifunsa zoona. Owakha a mu ligi ambiri ndi ngati ine. Azingomutengera mpira pamutu tsiku ndi tsiku. Ndi wamfupi, bwana."

Hargett anausa moyo. "Abwana akunenanso zomwezo. Chabwino. Tionana sabata yamawa." Foni inaduka.

Sindikumbukira kuti chiwaya ndinachinyamula nthawi yanji. Ndinangozindikira ndili pamaso pa Ladarian, chiwaya chachitsulo chili m'mwamba, mafuta akunditsikira mumkono, ndipo ndinkalunjika bondo lomwelo. Azimayi anakuwa. Dzanja linandigwira pamkono mwamphamvu mpaka chiwaya chinandipulumuka n'kuswa tebulo lagalasi. Anali Trell.

"Ndisiye! Wakupha uyu, sukumva? Wakupha ukuona!"

"Musiyeni, achemwali," anatero chapansipansi. "Sananame."

Anandisiya, n'kubwerera pampando wake, n'kuikanso foni pantchafu. Alendo anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika, akuponda magalasi osweka. Iye anakhalabe pomwepo mpaka mayina anatha, kanema n'kuyamba kuonetsa zina, ndipo foniyo sinalire.